Phukusi pa Bedi la Pawindo

Pa chipatalacho panalibe amene ankawatchula dzina lawo la ubatizo. Anamwino, ophika, alonda a pageti, ngakhale madokotala achinyamata ongofika kumene, onse ankangoti a Phukusi, ndipo eni akewo ankayankha osakwiya. Anali munthu wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali mwa makutu, woyenda ngati safuna kuti pansi pamve. Anayamba ntchito ali mnyamata, wokolopa m'makonde. Kenaka anakhala wokankha machira. Ndipo pang'onopang'ono, popanda wowauza, inawagwera ntchito ina imene anzawo onse ankaizemba.

Munthu akatsirizika mu wodi, thupi likatuluka, pamakhala zotsala: kapu, mapatapata, chipeso, sopo wotha theka. Wina ayenera kuzichotsa bedi lisanalandire wodwala wina. Wina ameneyo anali iwo.

Anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Ankayala nsalu ya malemuyo pa matiresi. Zolemera, monga beseni ndi fulasiki, ankaika pansi. Zovala ankapinda bwinobwino n'kusanja pakati. Zing'onozing'ono, magalasi kapena foni, ankalowetsa m'kapu kuti zisasweke. Akatero ankagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi, n'kupisa dzanja kuseri kwa kabati, chifukwa, monga ankanenera okha, wachibale akabwerera mawa lake kudzafuna patapata limodzi ndiye kuti mwamuliritsa maliro kawiri. Pomaliza ankamanga ngodya za nsaluyo ziwiriziwiri mopingasa, mfundo yake yolimba ngati mwala, n'kusiya phukusilo pakati penipeni pa bedi. Aliyense wodziwa chipatalacho akaona phukusi lotero sankafunsanso.

Tsiku lina mlonda wa pageti anawaseka nati, "A Phukusi, lero mwatola zingati?"

Iwo anaima. "Amatola ndi amene wapeza chopanda mwini panjira," anatero. "Zounjika ndi zinyalala. Izi zili ndi eni ake, ndipo zinachokera m'nyumba imodzi. Ine ndimangozisonkhanitsa kuti zibwerere limodzi."

"Ameni, abusa," anatero mlondayo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Si kuti anali munthu wabwino kuposa ena. Anali aliuma, osachedwa kuipidwa, ndipo kunyumba ankatha kukhala duu tsiku lonse chifukwa cha kanthu kochepa. Odwala ankawaopa. Akalowa mu wodi, ngakhale kudzangosintha babu, aliyense ankakokera kapu yake pafupi.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankawaopa: akazi awo. Mayiwo anali telala wosoka pakhonde la nyumba, munthu wa phwete ndi waphokoso, amene paliponse wakhala pankaoneka ngati padutsa kamvuluvulu. Sizasi pampando, ulusi pawindo, tepi yoyezera m'khitchini. Bambowo akaweruka ankayamba kuzisanja pamodzi mosadziwa, ndipo mayiwo ankakuwa ali pamakina, "Inu bambo, tasiyani zinthu zanga, ndikadali moyo ine!" Anakhala choncho zaka zambiri, nalera mwana mmodzi wamkazi, amene tsopano anali pabanja pake.

Chotupa cha m'mimba chinayamba mwakachetechete. Mayiwo anachibisa mpaka masiketi awo atakana kutseka, ndipo pamene anapita kukapimidwa chinali chitakula. Dokotala sanazungulire. Anati chotupacho chakhala pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, kuchisiya ndi imfa, kuchichotsa ndi kuyesa. Anawagoneka mu wodi ya amayi, pa bedi la pawindo, m'chipatala chomwecho chimene amuna awo ankagwiramo ntchito.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni a Phukusi anabwera ndi machira kuti akankhe okha. Namwino wamkulu anawatsekera njira.

"Lero ayi. Pitani ku wodi ya abambo mukagwire ntchito, tikuitanani."

"Anesi, ndikankha bwinobwino."

"Ndikudziwa kuti mumakankha bwino. Ndati ayi."

Mayiwo, atagona kale pamachirapo atavala chovala chobiriwira chija, anaseka. "Amvereni anesi, bambo. Mukandikankha inu, anthu ayamba kuvula zipewa m'khondemu." Anawakankha wina, nalowa nawo ku chipinda cha opaleshoni, kumene onse amangoti ku fiyeta.

A Phukusi anagwira ntchito. Anasamutsa wodwala, anatenga mabotolo a mpweya, anakolopa pamene sipanade. Vuto la munthu wokhalitsa pa chipatala ndi lakuti amadziwa nthawi ya zinthu popanda kuyang'ana wotchi. Opaleshoni yolowa m'mawa choncho imayenera kutha ngolo ya chakudya isanadutse. Ngolo inadutsa ndi mapoto odzaza. Inabwerera ndi mapoto opanda kanthu, zivundikiro zikulira. Palibe anawaitana.

Anasiya chokolopera m'ndowa napita ku wodi ya amayi.

Bedi la pawindo linali lopanda munthu. Ochapa anali atachotsa zofunda, poti linali tsiku losintha, ndipo panatsala matiresi okhaokha a pulasitiki. Koma zinthu za mayiwo zinali monga mwa nthawi zonse: kapu pansi, patapata limodzi pakati pa njira, linzake osaoneka, mpango pa chitsulo cha bedi, magalasi pamwamba pa buledi, foni yolendewera pa chingwe chake.

Pa bedi loyandikana panali mayi wina wachikulire wothyoka mwendo, amene wodi yonse inkamutcha a Wailesi chifukwa sankatseka pakamwa.

"Mwabwera, bambo? Sanabwerebe anzathuwa. Koma musadandaule, madokotala a masiku ano ndi ana koma manja awo ndi opepuka. Ine mwendo uwu anaukonza ndikuwauza nkhani ya apongozi anga, mpaka wina anati, mayi, tikupatseni jakisoni wina wa pakamwa? Tsono dzulo akazi anuwa amandiyeza ndi maso, akuti diresi langa anasoka ndi munthu wodana nane..."

A Phukusi anakhala m'mphepete mwa matiresi. Mawu a mayiyo ankawamva ngati mvula ya padenga. Maganizo awo anali kuseri kwa zitseko za fiyeta, kumene ankadziwa tebulo lake, nyali zake, ndi ndowa imene amaponyamo nsalu zonyowa magazi. Anaona patapata lija pakati pa njira, naganiza kuti wina apunthwa nalo. Analitenga. Anagwada kufuna linzake kunsi kwa bedi, nalipeza. Magalasi pabuledi si malo ake, choncho anawalowetsa m'kapu. Nsalu ya mayiwo inali pa kabati. Anaiyala.

A Wailesi anasiya kulankhula. Mayi wa bedi la kutsidya anadzuka n'kukhala tsonga, nagwira pakamwa. Wodi yonse inati zii, koma iwo sanamve kuti kwakhala chete. Manja ankayenda okha m'njira imene anaizolowera: beseni pansi, zovala pakati, dzanja kuseri kwa kabati, ngodya ziwiriziwiri mopingasa. Anakoka mfundo, nakankhira phukusilo pakati pa bedi, nakhalanso pansi.

Nthawi yomweyo belu la oona odwala linalira, ndipo anthu anayamba kulowa ndi mabasiketi. Pakati pawo panali mwana wawo uja, ndi alamu awo, mkulu wake wa akazi awo, mayi wonenepa wogulitsa nsapato pamsika, amene chiyambire sanakondwere kuti mng'ono wawo anakwatiwa ndi munthu wa ntchito yotere. Alamuwo anafika pakati pa wodi, naona matiresi opanda zofunda, phukusi pakati, ndi a Phukusi atakhala pambali mutu uli pansi. Basiketi inagwa. Fulasiki inasweka, tiyi n'kuyenderera pansi.

"Mayo ine! Mng'ono wanga ine! Mayo!"

Kulira kwa m'chipatala sikuchedwa kupeza othandiza. Amayi awiri osawadziwa anawagwira m'mapewa nayamba kulira nawo. Alamuwo, misozi ili chuchuchu, anali atatulutsa kale foni. "Achimwene, watisiya. Ee, pompano. Uzani onse."

Mwana uja sanalire. Anayenda mpaka pamaso pa bambo ake nagwada.

"Ababa, n'zoona?"

A Phukusi anadzutsa mutu. Anayang'ana mwanayo, nayang'ana kumene iye ankayang'ana, ndipo ndi pamene analiona phukusilo. Analiona ngati lamangidwa ndi munthu wina. Kwa kanthawi anafufuza m'mutu mwawo ngati panabwera munthu kudzawauza kanthu iwo n'kuiwala.

"Sindikudziwa," anatero.

"Simukudziwa bwanji? Akuuzani chiyani anesi?"

"Sanandiuze kanthu."

"Nanga mwamangiranji?"

Anayankha ndi a Wailesi, ndi mawu aang'ono osakhala awo. "Palibe wabwera kudzanena kanthu, mwanawe. Ine ndinali pompano. Angoyamba okha kumanga bambowa, ine kufuna kuwaletsa, lilime kukana."

Alamu aja anadula kulira pakati ngati wazimitsa wailesi. Anadzichotsa m'manja mwa amayi aja nabwera.

"Mukuti chiyani? Munthu ali pampeni, inu mwamumangira kale katundu? Alamu, mukumuthamangitsa mng'ono wanga? Mwatopa naye?"

"Alamu, sindinadziwe kuti..."

"Simunadziwe! Manja anuwo ndinawakana kalekale ine, ndinati munthu wogwira za akufa tsiku ndi tsiku adzatibweretsera tsoka m'nyumba. Masulani! Masulani msanga musanamuitanire zoipa!"

A Phukusi sankakhulupirira zoti mfundo ya nsalu ingaphe munthu. Anali munthu wa tchalitchi, ndipo tsiku lina lililonse akanayankha. Koma anapezeka atagwada pa bedi, akulimbana ndi mfundoyo ngati moyo wa akazi awo uli m'katimo. Zikhadabo zinkaterereka. Zaka zonsezo anamanga mapukusi osawerengeka, koma sanamasulepo ndi limodzi lomwe, ndipo sankadziwa kuti mfundo yawo ndi yankhanza chotero.

Akadalimbana choncho, panalowa namwino wachitsikana, wachilendo mu wodiyo, akuyenda mothamanga.

"Achibale a bedi la pawindo ndi ati? Katundu wa pamenepa achoke, bedi likufunika. Oo, mwamanga kale? Mwachita bwino. Tengani, mupite pakhomo la fiyeta, adokotala akukufunani."

"Anesi, amayi anga ali moyo?" anafunsa mwana uja.

"Ine angondiimbira foni kuti katundu achoke pa bedi ndipo achibale apite. Zambiri akakuuzani komweko." Anatero akutuluka kale.

Panalibe wofuna kulinyamula phukusilo. Alamu anapinda manja. Mwana analiyang'ana n'kubwerera m'mbuyo. Analinyamula a Phukusi, nalikumbatira pachifuwa, natsogola.

Khonde lopita ku fiyeta ndi lalitali, ndipo a Phukusi analiyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo linawatalikira. Anthu ankapatuka. Bambo wina wokhala pabenchi anavula chipewa. Wophika wina, amene ankadziwa kuti akazi awo alowa m'mawa, anaona phukusi, naona alamu ndi maso ofiira, naika dzanja pamtima.

"Pepani, a Phukusi. Pepani kwambiri."

"Sitinamve kanthu," anatero iwo. Koma wophikayo anangogwedeza mutu mwachisoni, ndipo wotsatira naye anati pepani, ndi winanso.

Pa fiyeta pali zitseko ziwiri. Chachikulu, cha mbali ziwiri, chimatulukira ku mawodi. China chaching'ono chili chakumbali, ndipo chimatsegukira ku kanjira kotsetsereka kopita ku nyumba yachisoni. Achibale ambiri sachidziwa, amangoyang'ana chachikulucho. A Phukusi ankadziwanso kuti chaching'onocho chimadzitseka chokha, ndipo machira asanatulukire kumeneko pamayamba kutuluka munthu kudzachiimika ndi njerwa imene imakhala pakona. Anasankha malo pabenchi pamene ankaona zitseko zonse ziwiri. Njerwa inali pamalo pake.

Dokotala sanatuluke msanga. Foni ya alamu inkalira kosalekeza ndipo iwo ankaidula. Mwana anakhala pakati pa awiriwo, akupotokola mphete yake.

"Ababa, nenani zoona. Inu mumadziwa za muno. Akachotsa munthu pa bedi lake ndiye kuti chiyani?"

"Zimatheka kuti akumusamutsira kwina."

"Kapena?"

"Kapena zinazo."

Chitseko chaching'ono chinatseguka. Anatuluka mnzawo wokankha machira, amene anayamba naye ntchito chaka chimodzi. Sanayang'ane kubenchi. Anawerama, natenga njerwa ija, naimika chitseko, nalowanso.

A Phukusi anaimirira osadziwa. Phukusi linagubuduka kuchoka pamiyendo pawo n'kugwa pansi, beseni n'kulira m'katimo.

"N'chiyani, ababa? Mwaona chiyani?"

A Phukusi anatchera khutu ku chitseko chaching'onocho. Anamva mateyala akubwera m'katimo, limodzi likulira kwiii, kwiii, monga limalirira la machira akale onyamulira mitembo. Anafuna kupemphera koma mawu onse amene anaphunzira ali mwana anathawa, kunangotsala akuti, Ambuye, Ambuye. Mateyala anafika pakhomo. Inali ngolo ya mabotolo a mpweya otha, ikupita kokasinthitsa. Mnzawoyo anaikankhira panja, nachotsa njerwa ndi phazi, chitseko n'kudzitseka.

A Phukusi anakhalanso pansi mwadzidzidzi.

Pamene dokotala anatuluka, anatulukira chitseko chachikulu. Anali mayi wamng'ono thupi, chipewa cha pepala chikadali kumutu, maso otopa.

"Amuna awo ndi inu, a Phukusi? Chotupa tachotsa chonse. Koma mtsempha wina unang'ambika, ndipo anataya magazi ambiri. Tawaika ena. Pakadali pano ali moyo, koma sanadzuke, ndipo sitinganene kuti taoloka mpaka atadzuka. Ku wodi sabwerera, tawapititsa ku chipinda cha odwala kwambiri. Kadikireni kumeneko."

"Adzuka, adokotala?" anafunsa alamu.

"Tikuyembekeza choncho, mayi. Sindikulonjezani."

Anasamukira pa benchi ina, pakhomo la chipinda chimene salowamo anthu wamba. Alamu anapita chapatali pang'ono kukayankha foni, ndipo mawu awo ankamveka khonde lonse. "Ayi, achimwene, sanamwalire. Ndikuti sanamwalire! Ndinanena ndine, inde, koma... Mwauza kale abusa? Kawauzeninso. Atsegule shopuyo, atsekeranji? Ndani wakwera kale basi? Muimbireni atsike!"

Mwana uja, amene anali atatola phukusi lija pochoka ku fiyeta, analiika pabenchi. Anayesa mfundo ndi zala, inakana. Anaigwira ndi mano, nakoka, mpaka inalola. Nsalu inatambasuka, ndipo zinthu za amayi ake zinaonekera zitasanjidwa bwino lomwe, diresi lopindidwa ngati la m'sitolo. Apo ndi pamene analira, mwakachetechete, nkhope ataibisa mu mpango wa amayi akewo. Bambo ake anafuna kumugwira paphewa, koma anayang'ana dzanja lawo nalibweza.

Dzuwa linapendeka. Kuwala kwa pawindo la khonde kunachoka pansi n'kukwera khoma. Oona odwala anatuluka, okolopa a masana anadutsa, ndipo aliyense wodutsa ankayang'ana a Phukusi kenaka n'kuyang'ana kumbali. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka, atatuwo ankaimirira, namwino n'kudutsa osawayang'ana, iwo n'kukhalanso.

Kenaka namwino wina anasuzumira. "Wachibale mmodzi yekha."

Alamu anali atalowa kale mawuwo asanathe. A Phukusi sanatsutse. Anakhala akuyang'ana chitseko, akumvetsera ngati kumveke kulira. Kunkangomveka makina akulira pang'onopang'ono m'katimo.

Alamu anatuluka akupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa nsalu. Anaima pamaso pa a Phukusi, nkhope ili gwa.

"Watsegula maso. Ine wandiyang'ana n'kuyang'ana kuseri kwanga. Akufuna inu." Anapumira m'mwamba. "Chimene anakuonani sindichidziwa mpaka lero. Lowani, koma manja anuwo muwasunge m'thumba."

Analowa. Akazi awo anali pa bedi lalitali, ang'onoang'ono pakati pa mapaipi, nkhope yotuwa, milomo youma yong'ambika. Maso anali otsegula pang'ono. A Phukusi anaima pambali, manja ali kumbuyo.

"Mayi," anatero. "Ndabwera."

Milomo inagwedezeka. Anawerama kuti amve.

"Ludzu."

Anayang'ana namwino. "Kumwa ayi, sanaloledwe," anatero namwinoyo. "Koma mutha kuwanyowetsa milomo ndi thonje. Ali ndi kapu yawo?"

Anatuluka mofulumira. Pabenchi paja mwana anaimirira, nkhope yonse ili funso.

"Alankhula," anatero bambo ake. "Akuti ludzu."

Mwanayo anakhala pansi n'kuphimba kumaso. A Phukusi anatambasula dzanja kuti atenge kapu, koma alamu anafika msanga. Anakhuthula magalasi ndi foni zimene zinali m'kapumo, naziika pamiyendo pawo, nakokera nsalu yonse ndi katundu wake kumbali kwawo.

"Tengani kapu yokhayo. Zotsalazi ndisunga ine."

"Chabwino, alamu," anatero a Phukusi.

Anaitsuka pa mpopi wa pakhonde, natunga madzi pang'ono, nabwerera nayo m'chipindamo ataigwira ndi manja awiri kuti asatayike.